Setilaiti imaona mtundu wa madzi, zotsalazo n'za bwato

Mvula ikagwa yamphamvu ku Dedza ndi ku Lilongwe, pamangodutsa tsiku limodzi kapena awiri, madzi a pamene mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja ya Malawi amakhala atasanduka ngati tiyi wamkaka. Woima pagombe amangoona kuti madzi ada. Wa pabwato amaona zochulukirapo: mzere ngati wochita kulemba, mbali ino katondo, mbali inayo buluu, mapesi ndi timitengo zitandanda pamzere pomwepo. Koma kuti matopewo afika pati, kaya azungulira zilumba za Maleri, kaya akukwera cha ku Senga Bay kapena akutsikira ku Chipoka, ndiponso kuti akhala masiku angati, munthu mmodzi ndi bwato limodzi sangayankhe. Apa mpamene setilaiti imathandiza, ndipo zithunzi zake n'zaulere.

Chofunika kuchimvetsa poyambirira n'chakuti setilaiti siyeza madzi. Imayeza kuwala kwa dzuwa komwe kwalowa m'madzi n'kubwerera kumwamba. Madzi oyera amameza msanga kuwala kofiira n'kubweza kwa buluu, n'chifukwa chake pakati pa nyanja pamaoneka chomwecho. Matope amabweza kuwala kofiira, ndipo akachuluka amabwezanso kuwala kwa infrared komwe maso athu saona. Ndere zili ndi klorofilo, yemwe amameza buluu ndi kufiira n'kusiya kubiriwira. Zoola za m'madambo, masamba ndi mabango, zimameza buluu, madzi n'kumaoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Ntchito yonse yagona pa kusiyanitsa zinthu zitatuzi, matope, ndere ndi zoola, pogwiritsa ntchito mtundu wokha. Zikasakanikirana, monga zimachitira ku kanyanja ka Chia ku Nkhotakota kapena pa mathiriro a mtsinje wa Bua, mutu umakula.

Pa gombe la Salima ndi Nkhotakota, setilaiti yoyamba kuiganizira ndi Sentinel-2 ya ku Ulaya. Yoyamba inaponyedwa mu 2015, yachiwiri mu 2017, yachitatu mu 2024, ndipo malo amodzi amajambulidwa masiku asanu aliwonse. Imadutsa kuno cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ili ndi mabandi 13, kutanthauza kuti imagawa kuwala m'zigawo 13 n'kujambula chilichonse pachokha. Pa buluu, kubiriwira, kufiira ndi infrared yoyandikira, kabokosi kamodzi ka chithunzi ndi mamita 10 mbali zonse, ndiye timabokosi 100 ndi hekitala imodzi. Landsat 8 ndi Landsat 9 za ku America, za 2013 ndi 2021, timabokosi take ndi ta mamita 30 ndipo pamodzi zimabwera masiku asanu ndi atatu aliwonse. Ubwino wake zimayezanso kutentha kwa pamwamba pa madzi. Sentinel-3 imabwera pafupifupi tsiku lililonse ndipo inapangidwira madzi enieni, koma kabokosi kake ndi ka mamita 300, mahekitala asanu ndi anayi. Pa nyanja yonse ndi yabwino kwambiri. Pa kamtsinje kolumikiza Chia ndi nyanja, pomwe msewu wa M5 umawoloka, kabokosi kamodzi kamameza madzi, mabango, mlatho ndi minda, ndipo nambala yotulukapo ilibe tanthauzo.

Zithunzi za Sentinel zimapezeka pa intaneti pa tsamba la Copernicus Browser, za Landsat pa tsamba la EarthExplorer. Pa kagawidwe ka mapu kotchedwa UTM, dera lathu lili mu chigawo cha 36 South. Musanatsitse kanthu, yambani mwachiona chithunzicho pa browser pomwepo, chifukwa fayilo imodzi ya Sentinel-2 imatha kuyandikira gigabayiti imodzi, ndipo bandulo kuthera pa chithunzi cha mitambo yokhayokha n'zowawa. Musadalirenso nambala ya mitambo yomwe amalemba pa fayilo. Nambalayo ndi ya chithunzi chonse cha makilomita oposa 100 mbali zonse. Mitambo ikhoza kuunjikana pamapiri a Ntchisi ndi Dowa, panyanja pali mbee.

Tsopano pomwe ambiri amagwera. Pa kuwala konse komwe setilaiti imalandira ikayang'ana madzi oyera, gawo lochokeradi m'madzimo nthawi zambiri silifika limodzi mwa magawo khumi. Kotsalako kwabwezedwa ndi mpweya, fumbi, utsi ndi pamwamba pa mafunde. Musanawerengere chilichonse muyenera kuchotsa zimenezi. Sentinel-2 imabwera m'mitundu iwiri: Level-1C yosakonza, ndi Level-2A yomwe anakonza kale. Level-2A imakopa chifukwa njosavuta, koma anaikonzera pamtunda, pa minda ndi nkhalango, pomwe kuwala kobwerera n'kochuluka. Cholakwika chaching'ono chomwe pa munda wa chimanga sichioneka, pamadzi akuya chimaposa chomwe mukufunacho. Tengani Level-1C, muidutsitse mu pulogalamu yopangidwira madzi: ACOLITE, yopangidwa ku Belgium, kapena C2RCC yomwe ili m'kati mwa pulogalamu ina yotchedwa SNAP. Zonse n'zaulere ndipo zimayenda pa laputopu wamba. Ndi bwino kuyesa zonse ziwiri pa chithunzi chimodzi. Zikagwirizana, mtima ukhale pansi. Zikasiyana kwambiri, ndiye kuti tsikulo mumlengalenga munali zina.

Zinazo kuno kwathu zimayenda ndi nyengo. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala tchire likupsa, utsi umayala panyanja mpaka mapiri a tsidya lija osaoneka. Utsi umameza buluu, ndipo mapulogalamu ambiri amachotsa mopyola muyeso, bandi ya buluu n'kutuluka ndi nambala zochepera ziro. Mukaona zimenezo musazikonze ndi dzanja, tsikulo litayeni pa nkhani ya ndere. Kenako kumabwera kunyezimira. Salima ili pafupi ndi madigiri 14 kumwera kwa equator, Nkhotakota pafupi ndi 13, ndiye dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kumapeto kwa Okutobala komanso pakati pa Febuluwale. Miyezi imeneyi, kamphepo kakangoutsa timafunde, nyanja imasanduka galasi lothwanimira m'maso mwa setilaiti, makamaka kum'mawa kwa chithunzi. Kunyezimira kumeneku kumakweza mabandi onse, ndipo osadziwa amalengeza kuti nyanja yonse yadzaza matope. Njira yozindikirira njachidule. Tsegulani bandi 11, ya mananomita 1610 (nanomita ndi muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala). Pamenepo madzi, oyera kapena amatope, amayenera kuoneka akuda bii. Mukaona kuwala kapena mizere ya mafunde, chimenecho n'kunyezimira, si matope.

Vuto lachitatu silisamala nyengo, ndipo ndi lomwe limapweteka kwambiri pa gombe ngati lathu. Mchenga woyera wa ku Senga Bay, minda ya mpunga ya ku Lifuwu ndi mizimbe ya ku Dwangwa zimabweza kuwala kochuluka, ndipo kwina kumamwazika mumpweya n'kugwera pa timabokosi ta madzi oyandikana nazo. Madzi a m'mbali amaoneka ngati ali ndi matope kapena ndere zomwe alibe. Pamwamba pa apo, pamene pali posaya setilaiti imaona pansi. Gombe la kuno n'lathyathyathya, munthu amayenda mtunda madzi ali m'chiuno. Mchenga wa pansi umaoneka ngati matope, udzu womera pansi pa madzi umaoneka ngati ndere. Lamulo losavuta ndi ili: ngati chimbale choyezera kuyera kwa madzi chikuonekabe chitafika pansi, malo amenewo setilaiti ikujambula mchenga. Chotsani timabokosi tonse ta m'mbali, mamita 100 kapena 200 kuchoka pagombe, komanso ponse posaya. Njira ina yogwirira vutoli ndi kuyerekeza zithunzi za masiku osiyana. Matope amayenda, lero ali apa, sabata yamawa ali uko. Chooneka malo amodzimodzi chaka chonse ndi mchenga.

Mukachotsa zonsezi mpamene muwerengere. Matope ndiye osavuta, ndipo kuno ndiye nkhani yaikulu. Bandi 4, yofiira, ya mananomita 665, imakwera matope akamachuluka. Koma imafika pena n'kukhuta: matope akuwonjezekabe, nambala osasunthanso. Pakamwa penipeni pa Linthipe kapena Dwangwa m'Januwale zimatero. Pamenepo sinthirani ku bandi 8 ya infrared, yomwe imapitiriza kukwera. ACOLITE ili kale ndi njira ya Dogliotti yomwe imasintha yokha kuchoka pa yofiira kupita pa infrared, ndipo ndi poyambira pabwino.

Ndere n'zovutirapo, ndipo apa ndimadandaula ndi chizolowezi chotengera zomwe zinagwira kwina. Pali kawerengedwe kotchuka kotchedwa NDCI, koyerekeza bandi 5 ya mananomita 705 ndi bandi 4. Kamagwira bwino m'madzi obiriwira ndi ndere, monga m'madamu kapena m'dambo la madzi osayenda. Koma pakati pa nyanja ya Malawi klorofilo nthawi zambiri safika ngakhale mayikologalamu imodzi pa lita. Pamenepo bandi 5 ilibe chomwe ikuona, ndipo NDCI imangotulutsa phokoso. Choipa n'chakuti mapu ake amaonekabe okongola, amitundumitundu, okhutiritsa pamsonkhano. Pamadzi oyera akuya gwiritsani ntchito kuyerekeza buluu ndi kubiriwira, makamaka pa Sentinel-3. Koma kawerengedwe kameneka nakonso kamanama mukangolowa m'madzi a mtsinje, chifukwa matope ndi zoola nazo zimameza buluu, pulogalamu n'kuziwerenga ngati ndere. Ndiye gombe limodzi limafuna njira ziwiri kapena zitatu, ndipo muyenera kuyamba mwaligawa: madzi akuya oyera, madzi a mtsinje, ndi madzi a m'madambo. Namasupuni yekha ndiye savuta. Amayandama pamwamba, amawala pa infrared ngati munda wa ndiwo, ndipo kawerengedwe wamba koonetsa zomera, kotchedwa NDVI, kamamuonetsa.

Zonsezi zikadali zongoyerekeza mpaka bwato litalowa m'madzi. Tsiku lodutsa setilaiti limadziwika: onani madeti a zithunzi zam'mbuyo pamalo anuwo, muwerengere kutsogolo. Kukacha kuli koyera, nyamukani molawirira kuti pofika 10 koloko mukhale mutayamba kale. Miyeso yotengedwa m'kati mwa maola atatu setilaiti isanadutse kapena itadutsa ndi yomwe amailandira ambiri, koma pafupi ndi mathiriro a mtsinje musapyole ola limodzi. Madzi akamayenda masentimita 10 okha pa sekondi, pa ola amakhala atasuntha mamita 360, timabokosi 36 ta Sentinel-2. Mukayeza m'mphepete mwa mzere wa matope masana, mukuyeza madzi ena, si omwe anajambulidwa m'mawa.

Chida choyamba ndi chimbale cha Secchi, ndipo wowotcherera aliyense pa Kamuzu Road ku Salima akhoza kuchipanga. Chikhale chozungulira, masentimita 20 m'mimba mwake, chogawidwa panayi, magawo awiri oyera, awiri akuda, ndi chitsulo cholemera kunsi kuti chizimira choongoka. Chingwe chikhale chosatamuka, chokhala ndi zizindikiro masentimita 10 aliwonse, ndipo muzichiyezanso ndi tepi nthawi ndi nthawi, chifukwa chingwe chonyowa ndi kuuma chimasintha. Chikhale chachitali, mamita 25, poti pamadzi akuya nyengo yabata chimbalecho chimaonekabe chitapitirira mamita 10, pamene pakamwa pa mtsinje m'dzinja chimasowa mkono usananyowe. Tsitsirani mbali ya mthunzi wa bwato, mutavula magalasi adzuwa. Lembani pomwe chasowera, mukokere pang'onopang'ono, mulembe pomwe chaonekeranso, mutenge pakati. Woyeza akhale mmodzi tsiku lonse, maso a anthu amasiyana.

Madzi tungani theka la mita pansi pa mafunde, chakutsogolo kwa bwato, injini itazima, kuti musatunge zomwe mwavundula nokha. Botolo litsukuluzeni katatu ndi madzi apomwepo. Ngati muli ndi kamakina koyezera kuda kwa madzi mu NTU, yezani pomwepo, chifukwa matope akadikha m'botolo sabwereranso mmene analili. Lembani GPS poyamba ndi pomaliza. Bwato lopanda nangula limatengedwa ndi mphepo munthu osazindikira. Lembaninso mphepo, mitambo, kuya kwa malowo, ndi kujambula madziwo pafoni.

Ku labotale, matope amayezedwa ndi sefa ya ulusi wagalasi yotchedwa GF/F, ya mamilimita 47, yomwe munaiumitsa ndi kuiyeza kale. Sefani madzi odziwika kuchuluka, muumitse sefayo pa madigiri 103 mpaka 105, muiziziritse m'chotengera chosalowa chinyezi, muiyezenso. Tinene kuti inali mamiligalamu 130.0, tsopano ndi 142.5, ndipo munasefa theka la lita: matope ndi mamiligalamu 25 pa lita. Sikelo iyenera kuwerenga mpaka gawo limodzi mwa khumi la miligalamu, apo ayi madzi oyera onse adzatuluka ziro. Klorofilo ndi wosachedwa kuwonongeka. Mabotolo akhale mu kulabokosi ya ayezi, mumdima, ndipo asefedwe tsiku lomwelo. Pamadzi oyera pamafunika malita awiri kapena kuposa kuti sefa isinthe mtundu. Pindani sefayo, muikulunge mu foyilo, muiike mufiriji yoziziritsa mpaka madigiri 20 pansi pa ziro. Magetsi akazima usiku sefa n'kusungunuka, nambala imatsika, ndiye konzeranitu za ayezi musananyamuke. Pochotsa klorofilo amagwiritsa ntchito acetone ya 90 peresenti kapena ethanol.

Poyerekeza ndi chithunzi, musatenge kabokosi kamodzi. Tengani atatu m'litali, atatu m'lifupi, kuzungulira pomwe munaima, mugwiritse ntchito nambala yapakati. Timabokosi asanu ndi anayiwo tikasiyana kwambiri, munali pamalire, malowo achotseni. Pamafunika malo 30 kapena kuposa, otengedwa nyengo zosiyana, kuyambira oyera kwambiri mpaka ofiira kwambiri. Cholakwika chofala n'kupita kunyanja m'Juni ndi Julayi mokha, poti kumwamba kumakhala koyera, kenako n'kugwiritsa ntchito zomwe mwapezazo pa matope a Febuluwale. Gawo limodzi mwa atatu la miyeso yanu liikeni padera, musaligwiritse ntchito pomanga kawerengedwe. Lidzakhale loyesera ngati kakunena zoona.

Mwera nawo uli ndi zake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kumwera kwa nyanja madzi ozizira a pansi, okhala ndi chakudya cha ndere, amakwera. Pa zithunzi za kutentha zimenezi zimaoneka bwino, ndipo ndere zimawonjezekera pambuyo pake. Izi n'zachilengedwe, ndi zomwe zimadyetsa usipa, si kuwonongeka kwa madzi. Mafunde a mwera amavundulanso pansi posaya, ndiye kuzungulira mchenga wa Sungu ku Nkhotakota madzi amatha kuda m'Julayi popanda dontho la mvula. Woona chithunzi osafunsa za mphepo ya dzulo lake adzaloza chala Bua kapena Kaombe pachabe. Ndipo tsiku lomwe anthu azanyengo achenjeza za mwera, bwato lisalowe, ngakhale kumwamba kuyere chotani.

Pali chinthu china chomwe ofufuza anachipeza pa Linthipe chomwe aliyense wowerenga zithunzizi ayenera kuchidziwa. Madzi a mtsinje wosefukira amakhala ozizirirapo komanso olemera ndi dothi kuposa madzi a pamwamba pa nyanja. Akangolowa m'nyanja, ambiri amamira n'kumayenda chapansi, mamita makumi angapo kuchoka pamwamba. Setilaiti imaona kachigawo kofiira pakamwa pa mtsinje, kenako buluu, ndipo munthu n'kuganiza kuti matope athera pamenepo. Pamene gawo lalikulu ladutsa kunsi, losaoneka. Choncho kukula kwa banga lofiira pa chithunzi si muyeso wa dothi lonse lomwe latsika kuchokera ku minda ndi m'mapiri odulidwa mitengo. Kuti mudziwe limenelo muyenera kuyeza mumtsinje momwemo, pamlatho, komanso kutsitsa chida m'nyanja kuya kosiyanasiyana. Onjezani kuti masiku osefukira kwambiri ndi omwenso mitambo imatseka. M'Januwale mwezi ukhoza kutha osapeza chithunzi choyera n'chimodzi chomwe. Sentinel-1, ya radar, imapyola mitambo ndipo imaonetsa bwino pomwe madzi asefukira pamtunda, monga zinachitikira ku Dwangwa mu 2024, koma mtundu wa madzi siiona.

Chomwe setilaiti siingaone konse chiyenera kunenedwa mosabisa, chifukwa apa pali moyo wa anthu. Siiona tizilombo ta kolera. Siiona likodzo kapena nkhono zomwe zimalifalitsa. Siiona mankhwala ophera tizilombo m'minda, ngakhale feteleza weniweniyo, imangoona ndere zomwe zingamere pambuyo pake. Madzi abuluu pa chithunzi akhoza kukhala akupha pa doko lomwe anthu ambiri alibe zimbudzi. Mapu a setilaiti asagwiritsidwe ntchito pouza mudzi kuti madzi ndi abwino kumwa. Chomwe angachite n'kuuza woyeza komwe apite ndi botolo lake, komanso kuchenjeza opopa madzi a m'mipopi kuti matope akubwera. Chenjezo limenelo si laling'ono: madzi akada, kolorini sagwira bwino ntchito chifukwa tizilombo timabisala m'tizidutswa ta dothi, ndipo bungwe la WHO limalangiza kuti pothira kolorini madzi akhale osafika 1 NTU ngati n'kotheka. Wodziwiratu kuti banga la matope likuyandikira paipi yake amakonzeratu mankhwala odikhitsira.

Kwa ine, ntchito yomwe ikudikira mwini wake ndi ya zithunzi zakale. Landsat 5 inayamba kujambula mu 1984, chaka chomwecho chomwe UNESCO inalemba Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo zilumba za Maleri zili m'pakiyo. Mbuna za pa miyala ya zilumbazi zimadya ndere zomera pamwala, ndipo dothi likakuta mwalawo kapena kutchinga dzuwa, chakudya chimachepa. Mpasa umakwera Bua kukaswana pa timiyala ta pansi pa mtsinje, tomwe dothi limatha kukwirira. Zaka zoposa 40 za zithunzi zikhoza kuonetsa kuti banga la Linthipe limafika kangati ku Maleri m'ma 1980 ndi kangati lero, ndipo Bua, yemwe mbali yake yakumunsi imadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, akhoza kuyerekezedwa ndi mitsinje yopanda chitetezo chotere. Pa Google Earth Engine, yomwe imagwira ntchito pa intaneti pomwepo, zimenezi zimatheka osatsitsa fayilo ngakhale imodzi.

Koma wochita zimenezi asamale zitatu. Ayerekeze Malichi ndi Malichi, Epulo ndi Epulo, osasakaniza miyezi. Akumbukire kuti kamera ya Landsat 5 inali yosamva bwino pamadzi obweza kuwala kochepa poyerekeza ndi ya Landsat 8, ndiye kusintha kwina kooneka cha mu 2013 kukhoza kukhala kwa kamera. Ndipo asagwiritse ntchito mzere umodzi wa gombe pa zaka zonse. Nyanja imakwera ndi kutsika. Mu 2024 inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwake, pamene cha m'ma 1997 inali pansi kwambiri. Malo omwe chaka china anali mchenga wouma chaka china amakhala madzi ofika m'mawondo. Mzere wa gombe ujambulidwenso pa chithunzi chilichonse, poyerekeza bandi yobiriwira ndi ya infrared yakutali, kenako mpamene muchotsepo mamita 200 aja a m'mbali.